Batani, Nkhuku ya Malume a Nasoni

Malume a Nasoni tinawaika m'manda mwezi watha ku Mitundu, pafupi ndi akazi awo. Anadwala milungu ingapo, matenda a ukalamba basi, ndipo anatisiya m'mawa mwakachetechete, mwana wawo Esinati akuwatenthetsera madzi osamba. Pamaliro panabwera anthu ambiri kuposa mmene tinkayembekezera. Paliponse pamene anthu anakhala m'magulu, kaya pansi pa mango kaya kuseri kumene azimayi ankaphika, nkhani inkathera pa nkhuku. Wina ankafunsa kuti, "Si aja anasokera nkhuku jekete?" Mnzake n'kuvomera kuti ndi omwewo, kenako onse n'kuseka chapansipansi, monga mmene anthu amasekera pamaliro a munthu amene wakhuta masiku.

Za jeketezo n'zoona. Koma anthu amazifotokoza mwachidule, moti wosawadziwa angaganize kuti malume anali ozerezeka. Sanali otero.

Anali mchimwene wa mayi anga, woyamba kubadwa m'banja lawo. Anabadwira ku Nathenje, kumene mayi akukhala mpaka lero, koma atakwatira a Nankhoma anakakhala chikamwini m'mudzi wina pafupi ndi Mitundu, ndipo kumeneko n'kumene imvi zinawapeza. Ntchito yawo inali ya utelala. Makina awo anali akuda, opalasa ndi miyendo, ndipo kwa zaka zambiri ankawaika pakhonde la golosale ina pafupi ndi msika. Tepi yoyezera sinkachoka m'khosi mwawo. Ngakhale kutchalitchi inkapita nawo, ataipinda n'kuibisa m'kati mwa shati. Ankalankhula mapini ali kukamwa, ndipo anthu a ku Mitundu anazolowera kumva mawu awo otuluka m'mbali mwa milomo.

Chovala sichinkatha tsiku limene alonjeza. Ukapita amakuuza kuti ubwere mawa, ukabwera mawalo amakupatsa mpando n'kuyamba kukufunsa za kumudzi. Anthu ankakwiya, koma ankabwererabe, chifukwa msoko wa a Nasoni sunkamasuka. Ankakonda kunena kuti nsalu siinama, amanama ndi mwini wake, makamaka azibambo amene ankakokera mimba m'kati powayeza. Ankanenanso kuti munthu wothamanga asabwere kwa iwo, apite akatole za pa mulu. Za pa mulu ankatanthauza kaunjika.

Kaunjika ankadana naye kuchokera pansi pa mtima. Ankati ndi zovala zimene zinayezedwa pa thupi la munthu wina, ndipo kuvala zimenezo n'chimodzimodzi kugona pa mphasa imene mnzako wangodzukapo. Koma chenicheni n'chakuti mabelo a kaunjika atayamba kuchuluka pamsika, anthu osoketsa anachepa. Malume anatsala ndi mayunifolomu a sukulu ndi a kwaya, komanso zigamba. Munthu akabwera ndi thalauza la kaunjika kuti amuchepetsere, ankalibweza osaligwira n'komwe.

Ine ndinawadziwa bwino chaka chimene anabwerera ku Nathenje. Nthawi imeneyo ndinali kwathu, ndikulera mwana wakhanda. A Nankhoma anali atamwalira, mwambo wosudzula utachitika, ndipo ngakhale abale a mkazi wawo sanawathamangitse, malume anati mkamwini wopanda mkazi ndi mlendo amene waiwala kutsanzika. Anafika pa galimoto ya matola ndi makina awo, thumba la zovala, njinga, ndi dengu lovundikira chitenje. M'dengumo munali nkhuku.

Inali thadzi lamawangamawanga, lalifupi miyendo. Dzina lake linali Batani. Make anagwidwa ndi galu iko kakadali kamwanapiye, ndipo a Nankhoma, amene panthawiyo anali atayamba kale kugona, anakaika m'katoni pambali pa mphasa yawo n'kumakadyetsa ndi dzanja. Kanakulira m'nyumba. Kankalowetsa mutu m'chitini cha mabatani cha malume n'kumajompha, poganiza kuti ndi chimanga, ndipo dzinalo linachokera pamenepo. A Nankhoma atapita, nkhukuyo inayamba kutsatira malume kulikonse.

Ku Nathenje mayi anawapatsa kanyumba kamene kale kanali ka mchimwene wanga. Malume anaika makina pakhonde, koma osoketsa sankabwera, chifukwa anthu a m'mudzi mwathu ankangowadziwa ndi dzina. Anzawo amene anakula nawo ambiri anali atamwalira. Ankakhala pamakinapo tsiku lonse akulumikiza tizidutswa ta nsalu, Batani atagona pansi pafupi ndi chopondera. Akaleka kupalasa, nkhukuyo inkadzutsa mutu n'kuwayang'ana, iwo n'kuiuza kuti, "Ndikuyika ulusi, dikira." Sinkagona m'khola ndi zinzake. Inkagona m'dengu, m'nyumba. Mayi zimenezi sizinkawasangalatsa, koma ankangoti, "Achimwene ndi nkhuku yawo," n'kupukusa mutu.

Chakudya mayi ankawapatsa chokwanira, koma mbale zinkabwerera zitangotsinidwa m'mbali. Chimene ankachikonda chinali tiyi wopanda mkaka ndi sikono. Ankanyema sikonoyo, kuviika m'tiyi, chidutswa china n'kuponyera Batani, ndipo tsiku linkatha choncho.

Pa nthawi yonseyo dzina la Esinati sankalitchula. Esinati ndi mwana wawo yekhayo amene anakula. Ukwati wake utatha, anatsala ndi ana atatu, ndipo anayamba geni yogulitsa kaunjika pamsika wa Mitundu, malo oonekera ndithu kuchokera pakhonde pamene bambo ake ankasokera. Malume anakwiya kwambiri. Anamuuza kuti mwa magenu onse a padziko wasankha wolanda bambo ake chakudya pakamwa. Esinati anayankha kuti ana ake sangadye msoko wolimba. Kuyambira pamenepo ankangopatsana moni wa pamsewu. Ngakhale pa matenda a a Nankhoma, ankasinthana pa mphasa ya wodwala osayang'anizana. Malume atanyamuka kupita ku Nathenje, Esinati anawatumizira mawu kuti asapite, nyumba ilipo. Iwo sanayankhe.

Mvula itatha, anthu akukolola, Batani anayamba kuthothoka nthenga. Pakhonde, m'dengu, m'kabati ya makina, paliponse panali nthenga. Khosi linatsala lopanda kanthu, msana n'kukhala zigambazigamba. Anasiya kuikira. Malume sanadandaule poyamba. Ankati nkhuku nayo imavula, ndipo amene wavula amavalanso. Koma chisanu cha mu Juni chitafika, Batani ankanjenjemera m'mawa, atadzikundikira pakona pamene dzuwa limayambira kufika. Apa mpamene malume anatenga tepi, kuiyeza pachifuwa ndi pamsana, n'kuisokera kajekete ka nsalu yotsala ya yunifolomu ya sukulu, kobowola malo a mapiko, kokhala ndi mabatani awiri pamsana. Chovala chimenecho chokha n'chimene ndinawaona akuchimaliza tsiku lomwelo. Ana a m'mudzi monse anabwera kudzaona. Malume sankaseka nawo, koma sankawathamangitsanso.

Nthenga zatsopano zinayamba kutuluka, zolimba ngati timitengo, kenako zinatambasuka. Kuiona patali, Batani anali akubwerera mwakale. Koma tsiku lina malume anandiitana.

"Taigwira," anatero.

Ndinaika mwana pamphasa n'kuinyamula. Inali yopepuka ngati dengu lopanda kanthu. Pansi pa nthengazo, fupa la pachifuwa linali lakuthwa, mnofu m'mbali mwake mulibe.

"Ikudya, malume?"

"Ikujompha kawiri katatu, basi. Kenako imangoima n'kumawodzera."

Mawu akuti kuwodzera anawafika mayi, ndipo mtima wawo unachoka m'malo. Mayi amaweta nkhuku zogulitsa, ndipo ndi zimene zimawathandiza chaka chonse. Zaka ziwiri m'mbuyomo chitopa chinali chitawapululira khola lonse, moti anayambiranso ndi tianapiye topempha. Munthu amene anakwirirapo nkhuku zake zonse m'dzenje limodzi saona nkhuku yowodzera n'kukhala chete. Anapirira masiku angapo. Ndiye m'mawa wina anapeza tambala wawo wamng'ono atafa kuseri kwa khola, ndipo anabwera molunjika pakhonde la malume, mpeni uli m'manja.

"Achimwene, nkhuku iyi tiiphe lero."

Malume anachotsa mapini kukamwa mmodzimmodzi n'kuwabaya pamkono wa shati.

"Siikudwala chitopa, Naphiri. Yangofooka ndi kuvula."

"Inavula, yavalanso. Nanga ikuonderanji? Tambala wanga wafa. Mukufuna zithe zonse?"

"Siiyandikira khola lako."

"Matenda sapempha njira. Ndikupatsani thadzi lina, musankhe nokha."

"Sindikufuna thadzi lina."

Mayi anali atatopa, ndipo anali ndi mantha. Ananena mawu amene ndikudziwa kuti sanawakonzekere.

"Achimwene, nkhukuyi si a Nankhoma. A Nankhoma anapita."

Malume anayang'ana mayi kanthawi, kenako analowa m'nyumba. Atatuluka anali atavala jekete lawo la kutchalitchi. Anaika Batani m'dengu, kulimanga pakaliyala ya njinga ndi lamba wa chubu, n'kuvundikira makina ndi nsalu. Ndinawafunsa kumene akupita. Anati akukafuna wodziwa. Mayi anaima pomwepo ndi mpeni wawo mpaka njinga inabisika kuseri kwa nsungwi, kenako anakhala pansi pa chiwundo cha khonde.

Kuchokera ku Nathenje kukafika ku Mitundu podutsa njira zafumbi za m'midzi ndi mtunda woti ngakhale mnyamata amafika atatopa. Malume anali atapitirira zaka makumi asanu ndi awiri. Zimene zinachitika kumeneko anandifotokozera ndi Esinati. Akuti linali tsiku la msika, dzuwa litapendeka, iye akukuwa mitengo ya malaya, pamene anaona nkhalamba ikukankha njinga pakati pa milu ya zovala, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Anachita kuyang'anitsitsa kuti awazindikire, chifukwa jekete linkangolendewera pamapewa. Malume anali asanapondepo mbali imeneyo ya msika chiyambire.

Anaima patsogolo pa benchi yake, akupuma movutikira.

"Bambo, kwagwanji?"

"Kulibe maliro. Ndabwera ndi wodwala."

Esinati anasuzumira m'dengu n'kuona nkhuku ya mayi ake itavala yunifolomu. Akuti sanadziwe ngati aseke kapena alire. Anasiyira mnzake benchi, kulanda njinga m'manja mwa bambo ake, n'kupita nawo kunyumba. Panjira sanalankhulane zambiri. Malume anangofunsa ngati mlangizi wa ziweto akadali m'dera lomwelo, ndipo Esinati anati wakale uja anasamuka, koma kunabwera wina.

Mlangiziyo anabwera m'mawa mwake, Esinati atamuimbira foni. Anali mayi wachitsikana, woyenda pa njinga yamoto. Chinthu choyamba chimene anachita ndi kumasula mabatani a kajekete kaja.

"Agogo, mwasoka bwino, koma ichi chichoke. Nthenga zatsopano zimapweteka zikamakhudzana ndi nsalu. Komanso taonani."

Anatembenuza kajeketeko n'kuwaonetsa m'misoko. Munali utitiri wambirimbiri. Anatambasula phiko la nkhuku, kuuzira nthenga, ndipo pakhungu palinso womwewo. Malume anavula magalasi, kuwapukuta, kuvalanso. Esinati akuti nkhope yawo inagwa ngati ya munthu amene wadula nsalu ya mwini molakwika.

Mlangizi anayang'ana m'maso ndi m'kamwa mwa nkhuku, anafunsa za chitosi chake, anafunsanso ngati khosi limapindika kapena ngati ikupuma mokoka. Pomaliza anati si chitopa. Chitopa sichidikira milungu yonseyi, chikanaipha kale. Anafotokoza kuti kumera nthenga kumadya thupi la nkhuku, ndipo ngati siikupeza chakudya chomanga thupi imatenga mnofu wake womwe n'kupangira nthengazo. Pamwamba pa zimenezo utitiri ukuiyamwa magazi, ndipo n'kutheka kuti ilinso ndi njoka za m'mimba.

"Mumaipatsa chiyani, agogo?"

"Chimene ndimadya ine."

"Inuyo mumadya chiyani?"

"Tiyi ndi sikono."

"China?"

Mlangizi anayang'ana Esinati, Esinati anayang'ana manja a bambo ake, mmene wotchi inkaseweramo pamkono. Mlangizi anangopereka mankhwala a njoka osungunula m'madzi ndi ufa wothira m'nthenga, n'kulamula kuti dengu lakale ndi nsanza zake zonse zitenthedwe. Anati nkhukuyo ipatsidwe madeya osakaniza ndi soya wokazinga n'kusinja, bonya wopondaponda, masamba, ndi chiswe ngati chingapezeke. Ikakana, aiyese dzira lowiritsa. Madzi asasowe, pakhale phulusa loti izisambamo, ndipo izigona pofunda koma isavekedwe kanthu. Tiyi ayi.

Kajekete kaja kanapsa limodzi ndi dengu. Malume anakaponya okha pamoto.

Madzulo a tsiku limenelo Esinati anabwera ndi dengu latsopano ndi juzi yaubweya yochokera m'belo lake, yobooka pachigongono, imene sikanagulika. Anaichapa n'kuiyanika, ndipo itauma anaipereka kwa bambo ake kuti azifunditsa pamwamba pa dengu kukamazizira. Ankayembekezera kuti aikana. Malume anailandira, kuitembenuza kunja kukhala m'kati, n'kuyamba kutsatira msoko ndi chala kuyambira pakhosi mpaka m'munsi.

"Amene anasoka apa ankaidziwa ntchito," anatero. Anatenga singano n'kutseka chibowo chija asanaifunditse.

Kuchira kwa Batani kunali kwapang'onopang'ono. Masiku oyambirira anakana zonse. Ankayang'ana madeya n'kutembenuka, akudikira sikono. Malume ankakhala pansi, miyendo atatambasula, nkhuku ili pamiyendo, akuinyenyera dzira lowiritsa m'dzanja. Tsiku lina inangogona chammbali osafuna kudzuka, ndipo malume anakhala nayo padzuwa mpaka masana, akuidonthezera madzi pamlomo ndi chala. Esinati ankaganiza kuti siifika madzulo. Koma chakumadzulo inaimirira, n'kujompha kachidutswa ka bonya kamene kanagwera pa thalauza lawo.

Chiswe ankachitchera okha. Anapempha mphika wakale wong'aluka, n'kumaikamo ndowe zouma za ng'ombe ndi mapesi, kuwaza madzi pang'ono, n'kukauvundikira pa chulu cha kumunda kwa a Nankhoma. M'mawa ankapita ndi ndodo yawo kukautenga utadzaza. Akakhuthula pansi, Batani ankaiwala kuti ndi wodwala. Njira ya kuchuluko inkadutsa m'mudzi mmene anakhalamo zaka zonse zija, ndipo anthu ankawaimitsa, kuwapatsa mpando, kuwafunsa za wodwala wawo. Ena ankafunsa moseka, koma ena ankabweretsa soya wa m'mbale. Ulendo wa kanthawi kochepa unkawatengera m'mawa wonse.

Esinati anazindikira chinthu china. Nkhukuyo inali itazolowera kudya pamene mwini wake akudya, ndipo malume akangoiikira mbale n'kuimirira, inkawatsatira n'kusiya chakudyacho. Choncho iye anayamba kubweretsa mbale ziwiri nthawi imodzi.

"Bambo, khalani pansi mudye. Mukapanda kudya, iyinso siidya."

"Ndilibe njala."

"Sindikunena za njala yanu."

Malume ankang'ung'udza, koma ankakhala pansi. Phala la soya lomwe lija, ndiwo za bonya yemwe uja, mazira amene ankatsala. Ana a Esinati ankakhala nawo pamphasa, ndipo agogo awo, amene kale ankangowadziwira patali, anayamba kuwadziwa mayina ndi makhalidwe.

Pa tsiku la msika malume ankanyamula Batani kupita naye kwa bambo wina wogula mbewu, n'kumupempha kuti amuyezere pa sikelo yake yopachika. Bamboyo poyamba ankaseka, koma kenako anazolowera, moti ankachita kuimitsa mzere wa ogulitsa soya kuti nkhuku iyezedwe kaye. Milungu yoyambirira muvi wa sikelo sunkasuntha. Sikeloyo malume sankaikhulupirira kwenikweni, ndipo m'mawa uliwonse ankapapasa pachifuwa pa nkhuku ndi chala chachikulu, monga ankachitira poyesa nsalu. Tsiku lina anaitana Esinati kuti adzagwire. Fupa lija linali litayamba kubisika.

Ku Nathenje, nkhuku za mayi sizinafenso. Tambala uja ayenera kuti anafa ndi zina. Mayi ankadutsa pa makina ovundikirawo tsiku lililonse, n'kumasesa pakhondepo ngakhale panalibe wodetsa. Esinati anali atatiuza pafoni kuti malume anafika bwino, koma iwo eni ake sankafuna kulankhula. Mphepo ya mu Ogasiti itayamba, mayi anandiuza kuti ndibereke mwana tiwaperekeze. Anagula bonya wodzaza jumbo, ndipo tinakwera minibasi kudzera ku Lilongwe.

Tinawapeza atakhala pa mpando kuseri kwa nyumba, akusoka ndi manja kabudula wa mdzukulu wawo. Masaya anali atabwerera. Batani ankasamba m'phulusa chapafupi, nthenga zikuwala. Titapatsana moni, mayi anaika jumbo ija pansi, pafupi ndi mapazi a malume.

"Ndamutengera wodwala."

"Wachira. Koma alandira."

Mayi anadzuka, kupita paphulusa paja, n'kuinyamula nkhukuyo. Inali nthawi yoyamba kuigwira. Anaiyeza m'manja monga amachitira ndi nkhuku zogulitsa.

"Yalemera," anatero. Anakhala kanthawi akuisisita pamsana. "Achimwene, tsiku lija ndinalankhula moipa."

"Unkateteza khola lako, Naphiri. Ndipo sunaname. A Nankhoma anapitadi." Anadula ulusi ndi mano. "Kungoti iyi ndi imene anandisiyira kuti ndiziyang'anira. Ndikanailola kufa ndi njala m'manja mwanga, ndikanakawauza chiyani?"

Mayi anafunsa kuti abwerera liti kunyumba. Malume anayang'ana Esinati, amene ankapeta mpunga pakhomo la khitchini ngati sakumva. Kenako anati chulu cha kuno chili ndi chiswe chabwino, ndipo ngati kungapezeke galimoto yobwera chakuno, makina aja awatumizire. Mayi anamvetsa. Sanakakamize.

Makinawo atafika, sanabwerere pakhonde la golosale lija. Anaikidwa pamsika, pambali pa benchi ya Esinati, pansi pa denga la pulasitiki lomwelo. Munthu akagula thalauza lalitali kapena diresi lotakata, ankangosuntha pang'ono n'kupereka kwa a Nasoni. Ntchito inawachulukira kuposa zaka zonse za m'mbuyo. Sanavomerepo kuti analakwitsa pa za kaunjika. Ankati iwo sakugulitsa, akungokonza zimene anzawo akutali anayeza molakwika. Ndi Esinati ankakanganabe, pa mitengo, pa kaleredwe ka ana, pa wailesi, koma tsopano inali mikangano ya anthu odyera mbale imodzi.

Batani anaikiranso mazira, ochepa, kenako anasiyiratu. Chaka chilichonse akayamba kuthothoka, malume ankayambiratu kutchera chiswe ndi kusinja soya, ndipo Batani sanaondenso ngati poyamba paja. Anakhala zaka zambiri kuposa nkhuku iliyonse imene ndikuidziwa, mpaka maso anachita khungu ndipo ankachita kumuikira mbale pamlomo. Anafa masana ena pamsika pomwepo, ali m'tulo pansi pa makina. Malume anamukulunga m'nsalu yatsopano, osati chidutswa, n'kukamukwirira kumunda pafupi ndi chulu chija. Panali ena amene anadandaula kuti ndiwo zatayidwa, koma ananenera kumbali. Anthu angapo anawapatsa anapiye kuti alowe m'malo, mayi anga nawonso anatumiza thadzi. Onsewo anawapereka kwa adzukulu. Anakhalabe zaka zina zingapo akusoka, mpaka miyendo inakana kupalasa, ndipo ngakhale pamenepo ankapitabe kumsika kukasoka mabatani ndi manja.

Sabata yatha ndinapita ku Mitundu kukamuona Esinati, ndipo ndinamupeza pamsika. Makina anawatengera kunyumba. Pamene ankakhala patsala malo opanda kanthu, okwana mphasa yaing'ono, pakati pa benchi yake ndi mayi wogulitsa nsapato. Dothi la pamenepo ndi lakuda ndi mafuta a makina, ndipo muli timaulusi tamitundumitundu tolowerera pansi, toti tsache silingachotse. Pa mzati pali msomali, ndipo pa msomalipo pakadali siketi ya mwana wasukulu yopindidwa mbali imodzi, mbali inayo ili ndi mapini. Mwini wake sanabwere kudzaitenga. Mayi wa nsapato uja malo akumuchepera, koma sanasunthirepo ngakhale nsapato imodzi.

Ndili pomwepo kunabwera bambo wina, n'kusankha thalauza. Analiyeza m'chiuno, linamukwana, koma miyendo inali yaitali. Analipira, kenako anatembenukira kumanja thalauzalo lili m'manja, monga anazolowera. Anaima choncho kanthawi, akuyang'ana pansi pakudapo.

"Pepani, mayi," anatero kwa Esinati. "Ndinamva, koma ndinaiwala."

Analipinda bwinobwino, kuliika kukhwapa, n'kumapita.